Ndinanyoza wotchi ya mkamwini pamaso pa anthu

Agogo,

Ndine bambo wowotcherera zitsulo. Ntchitoyi palibe anandiphunzitsa, ndinaiba ndi maso, ndipo ndimadzitama kuti sindizungulira polankhula. Pakamwa pomwepa ndi pamene pandigwetsa.

Ndili ndi wotchi yapamkono yomwe ndinagula ndisanakwatire, ija yopotokola kachitsulo kam'mbali m'mawa uliwonse. Galasi lake linatha ndi nthethe za moto, ndipo imatsalira moti mkazi wanga amati ikamati masana, nkhuku zimakhala zikulowa. Koma ndikaiika pakhutu n'kumva kugunda kwake, mtima umakhala pansi.

Mwezi watha mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake anabwera kudzationetsa khanda. Titadya, mkamwiniyo anagwada n'kundipatsa kabokosi. M'katimo munali wotchi yamakono, yakuda bii, yopanda mivi. Anati, "Bambo, iyi imayezanso kugunda kwa mtima, kungoti muziitchaja." Ine pamaso pa azilamu ndi anansi ndinayankha kuti, "Wotchi yoyamwa magetsi? Bwanji simunangondigulira mbaula yomanga pamkono?" Ndinaseka ndekha. Poona kuti palibe wandithandiza kuseka, ndinaonjezera kuti mtima wanga sufuna kapitawo.

Chichokereni tsikulo sanabwerenso. Mwana wanga amaimbira mayi ake okha, ndipo zithunzi za mdzukulu ndimazisuzumira pafoni ya mkazi wanga ngati wakuba. Mkaziyo anandiuza kuti, "Chigwereni inu pantchito paja mwana wanu alibe mtendere. Anachita kutuma mwamuna wake kuti akaifune wotchiyo, inu n'kumati mbaula."

Wotchi yatsopanoyo ndinaivala mobisa tsiku lina kuntchito. Kasitomala atandikwiyitsa, inayamba kunjenjemera n'kulemba kuti ndipume kaye. Ndinaikalipira nayonso. Munthu wa imvi, kuima pakati pa mageti osamaliza, kukangana ndi wotchi.

Agogo, ndikufuna kunyamulanso mdzukulu wanga, koma yakaleyi sindingaitaye. Nditani?

W.G.

Bambo W.G.,

Mwati simuzungulira, ndiye nanenso sindizungulira. Mnyamata anakugwadirani, inu munamusandutsa choseketsa alendo. Kumeneko si kunena chilungamo, n'kuchititsa munthu manyazi.

Wotchi yakaleyo palibe amene anati muitaye. Mlandu umenewo mwaupeka nokha kuti muzioneka ngati wolakwiridwa. Ivaleni, muziimvera pakhutu mmene mungafunire, mkono winawo si uli chabe?

Tsopano nyamukani mupite kwawo nokha. Musatume mayi a kunyumba, iwo sananyoze munthu. Mukafika, funsani mkamwiniyo poyamba, osathamangira khanda ayi. Mumuuze kuti, "Ndinakulakwirani, pepani," mawu awiri basi. Mukatero mutulutse wotchi yatsopanoyo mumupemphe akuphunzitseni kagwiritsidwe kake, ndipo mukhale chete mpaka amalize ngakhale mutamva kale. Popeza munamunyoza pagulu, tsiku lina azilamu aja ali pomwepo mudzamuyamikirenso pagulu. Mwana wanu musamukakamize kuseka tsiku lomwelo. Anachita mantha ndi moyo wanu, ndiye mukamuuze tsiku limene mukaonane ndi adokotala, chifukwa wotchi sichiza munthu.

Chenjezo langa ndi ili. Anthu ngati inu amapepesa bwinobwino, kenako n'kuonjezera kuti, "koma nanunso wotchi yanuyo..." Mukangomva "koma" akukwera kummero, pemphani madzi akumwa.

Agogo