Nkhosa za Bambo pa Bwalo la Gofu

Gulu: Kwa a Murgia
Bambo, Bastianu, Gavina

13:52 Bastianu: Gavi, pa TV kuno ku Torino akuonetsa moto pa chilumba chathu cha Sardinia. ndi phiri lathu lija. bambo sakuyankha foni. iwe uli pafupi, thamangirako

13:58 Gavina: achimwene ndili pa ntchito ku hotela, kuli ukwati wa alendo, ndikugawa shampeni. utsi ndikuuona. ndawaimbira mpaka kutopa

13:59 Bastianu: nde shampeniyo ndi amene anakubala?

14:01 Gavina: musandiyambe. msewu wakumtunda apolisi atseka. inuyo amene munawasiya okha ndi nkhosa muli kuti?

14:04 Bastianu: bambo, ndine Bastianu. zisiyeni nkhosazo mutsike. zogulitsa busa kwa a hotela zija sindidzazinenanso. ingoyankhani plz

14:33 Gavina: ndapempha bwana galimoto ndizungulire njira yakumadzulo. akuti zonse ndi za akwati. mayi wina wandiitana kuti phulusa lagwera mu dziwe losambira, ndilichotse asanajambule zithunzi

14:35 Bastianu: ndege za ku Olbia, kwathuko, zadzaza. sitima ndi mawa. ndangokhala pa eyapoti ngati chitsiru

15:10 Gavina: (mawu ojambula) A Efisio oyandikana nawo aja atsika. Akuti bambo anawapeza akutsegula khola, anawakoka dzanja kuti akwere galimoto koma anakana. Akuti sangasiye ziweto zipsere m'khola. Mphepo yatembenuka achimwene, ikubwera kuno.

15:11 Bastianu: analowera kuti?

15:11 Bastianu: Gavi

15:26 Bastianu: GAVINA

15:40 Gavina: pepani, timakweza alendo m'maboti, akupita ku mayoti, zombo zawo zapamwamba zija. mkwatibwi akulira chifukwa cha keke. bwana akuti ndikwere boti lomaliza, ndikapanda kutero ndisadzapondenso pano

15:41 Bastianu: kwera

15:41 Gavina: ayi

15:42 Bastianu: mlongo wanga kwera. sindingataye anthu awiri tsiku limodzi

15:49 Gavina: lapita. yunifolomu yawo ndawasiyira pa mchenga

16:22 Gavina: achimwene NKHOSA. zalowa pa bwalo la gofu la hotela, pa kapinga wothirira uja. waya wadulidwa. zina ubweya wawauka

16:22 Bastianu: bambo??

16:24 Gavina: galu wawo ali pano, akutsimphina

16:24 Bastianu: sindikufunsa za galu

16:31 Gavina: (mawu ojambula) Kulibe. Ndafika podulidwapo, pulayazi ili pansi, chipewa chawo chili pansi. Ndikuitana koma utsi... Abwerera kumtunda. Tiana ta nkhosa sindikutiona, abwerera kukatenga timeneto.

16:33 Bastianu: usawatsatire. wamva? uza ozimitsa moto

16:34 Gavina: ndawauza. akuti sangaloweko pakali pano

16:50 Bastianu: bambo ndikubwera mawa. ndidzakhala kumudzi, ndidzakama nkhosa, chilichonse. mundidikire

17:15 Bastianu: bambo

17:48 Bastianu: Gavi lankhula chilichonse

17:50 Gavina: ndakhala pansi pakati pa nkhosa. ndikuyang'ana kumtunda

18:37 Bambo: Pepani, ndine wozimitsa moto, ndagwiritsa ntchito foni ya bambo anu. Tawapeza m'khwawa atafungatira tiana ta nkhosa. Ali moyo. Manja apsa kwambiri ndipo akupuma movutika.

18:37 Bastianu: Mulungu wanga. apatseni foni ndimve mawu awo

18:39 Bambo: Mawu sakutuluka bwino. Vuto ndi lakuti akukana kukwera ambulansi mpaka amve ngati nkhosa zazikulu zinafika. Athandizeni msanga.

18:40 Gavina: (chithunzi)

18:40 Gavina: aonetseni. auzeni zafika, zikudya maluwa a ukwati

18:44 Bambo: Aona. Akwera.