Tsiku Limene Ndinatulutsa Mipando Pabwalo

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. A Dunstan, amuna anga, pa sofa yawo, bulangeti mpaka m'khosi, wailesi pamimba. Miyezi inayi tsopano chiwagwetsereni sitiroko, ndipo sofayo yaloweza kale maonekedwe a matako awo. Kuchipatala anatiuza mosapita m'mbali: mwendo wakumanzere ukapanda kugwira ntchito chaka chino, basi, moyo wonse pa chikuku. Ine ndinamva. Iwo ankawerenga kalendala ya pakhoma.

Mwana wathu Chantelle waimba foni kuchokera ku Kitwe. Wapeza mtsikana wa ku Woodlands, dera la olemera muno mu Lusaka, dzina lake Abby, wophunzitsa yoga kwa odwala ndi okalamba. Nditawauza a Dunstan, anatsegula diso limodzi: "Amake Chantelle, ine mkulu wa mpingo wa Reformed, nikazigwadila dzuwa?" Dzuwa lake liti mu Juni muno.

Lachitatu, 4 Juni

Ndapita ndekha kwa Abby kukazonda. Ndimayembekezera mafano ndi zofukiza. Ndapeza amayi asanu ndi nkhalamba imodzi pansi pa mtengo wa mango, onse akupuma ngati akuziziritsa phala. Mafano kulibe.

Abby ndi kamtsikana kowonda, koma mawu a sisitala wa mu wodi. Ndinafuna kugwira zala za kumapazi msangamsanga kuti aone kuti ife a ku Katete tinakulira khasu. Msana unangoti thee! "Mami, osakakamiza thupi. Ikababa, mwaleka. Apa sitipikisana." Manyazi.

Ndinafunsa kogula timphasa tofewa tochitirapo yoga ta m'mashopu tija. Akuti ayi, n'ta pulasitiki, tikang'ambika timakatseka ngalande, mvula ikabwera madzi m'nyumba za anthu. Mphasa ya bango ndiyo yabwino, ikatha imawola yokha. Botolo la madzi nalonso limodzi lomwelo, kumangotsuka. Ndiye kuti a ku Woodlands atulukira mphasa! Amayi anga anagonera chida cha yoga moyo wawo wonse osadziwa.

Loweruka, 7 Juni

Nkhondo ndayamba. Mphasa patsogolo pa sofa, ine n'kumadziwongola, kubuula mokoma dala. Iwo maso kudenga. Kenako ndinaponya kamwala: ndinati ba Reuben, amene ankaimba nawo kwaya, amapita kwa Abby, ndipo mwendo amaukweza mpaka m'chiuno. Bodza lenileni. Ba Reuben sindinawaone chaka chino. Mulungu andikhululukire, koma mwamuna sachira ndi mapilitsi okha. Nsanje nayo ndi mankhwala.

Pa chakudya chamasana, mwadzidzidzi: "Reuben uja? Wa cimimba uja?" Nsomba yadya nyambo.

Lachiwiri, 10 Juni

Avomera, koma ndi malamulo awo. M'nyumba mokha. Makatani otseka. Dzina loti yoga lisamveke, tizingoti mafizo.

Abby wabwera. Choyamba kuwayeza kuthamanga kwa magazi. Wawaletsa kuzondotsa mutu ndi kugwira mpweya, ndipo akuti ayambire pampando. Mbaula imene ndinakoleza kuti chipinda chifunde waitulutsa yekha. Akuti mpweya wa makala m'chipinda umapha mwakachetechete, komanso thumba lililonse ndi mtengo umene wagwa kumudzi kwa wina. Valani juzi, tsegulani mazenera. Mkulu wa mpingo anamvera ngati mwana wa Sande sukulu. Ine zaka makumi atatu ndikuwauza za masokosi, osamva.

Dzanja lodwala lakwera mpaka paphewa. Nkhope ngati munthu wosenza thumba la simenti. Ndinathawira kukhitchini. Misozi ndinanamizira anyezi.

Lachisanu, 13 Juni

Masiku anayi pampando. Abby akuti mawa tiyese pansi. Kutsika n'kosavuta, nkhani ili pa kudzuka. Chichokereni kuchipatala sanadzukepo okha, ngakhale pabedi ndimachita kuwakoka. Akuopa. Inenso ndikuopa.

Abby akuti pakhale malo okwanira, pasapezeke ngodya ya tebulo yoti angamenyetsepo mutu. Chipinda chochezera cha nyumba zathu za mu Chilenje, kabokosi ka machesi. Ndiona chochita.

Loweruka, 14 Juni

Mutu wanga unali kuti?

M'mawa ndinatulutsa mipando yonse pabwalo. Sofa, tebulo, timipando ta pakhonde, zonse m'mbali mwa mpanda. M'kati mphasa zitatu. Makatani otseka, monga mwa lamulo. Ine ndi Abby tinawatsitsa pansi bwinobwino, anachita zawo pang'onopang'ono. Pomaliza Abby akuti agone chagada, maso otseka, manja m'mbali, osagwedezeka, mtima ukhazikike. Kuzizira, ndiye ndinawafunditsa chitenje mpaka pachibwano. Abby anapita kuseri kukayankha foni. Ine khale pakona, duku kumutu, nkhope pansi, ndikupuma monga anatiphunzitsira.

Ndapita ku maliro osawerengeka mu komboni muno. Ndikudziwa, ngakhale mwana amadziwa, kuti mipando pabwalo pa nyumba ya wodwala ndi uthenga woposa belu la tchalitchi. Lero lokha ndinaiwala.

Amake Given, oyandikana nafe, anayamba kulira ali pa geti. Kumbuyo kwawo amayi anayi a Chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, zitenje m'chiuno. Analowa, anaona mphasa, anaona munthu wofunditsidwa, onse khu pansi. "Mayo ine, ba elda! Mwatisiya bwanji so!"

Ndinayenera kuyankhula pomwepo. Ndivomere muno mokha: ndinachedwa dala. Pang'ono chabe. A Dunstan ali duu, akuganiza kuti akatsegula maso chinsinsi chaululika. Ndinafuna amve maliro awo. Ndipo anamva. Akuti anali munthu wabwino, wosaba za mpingo, wa mawu okoma pa nyimbo. Ndinaona chala cha kuphazi chikuvomereza. Kenako Amake Given, mamina ali chuu: "Mwamuna wamphamvu uyu, koma anagonja mwamsanga. Anangozileka pa sofa."

Chitenje chinagwedezeka. Anatembenukira chammbali monga Abby anawaonetsera. Dzanja labwino pansi. Bondo. Kenako mwendo uja, wa miyezi inayi uja. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwakoke, analikankha. Anagwira zitsulo za pazenera, anaima. Okha! Akunjenjemera thupi lonse, koma chilili.

"Ndani wagonja?"

Kukuwa kwake! Amayi asanu pa khomo limodzi. Amake Given anasiya patapata imodzi, ili pano mpaka tsopano. Abby anathamangira m'kati akukalipira wakufayo kuti waimirira mofulumira, chizungulire chingamugwetse, akhale pansi msanga. Pansi pati, mipando ili pabwalo? Anakhala pa chigubu cha madzi. Kunja, abambo awiri anali atayamba kale kukambirana za tenti.

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Chinsinsi chatha, Chilenje yonse yadziwa kuti mkulu wa mpingo amachita yoga. Iwo akuti sanachite yoga, anauka.

Lamlungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndinati msana.

Si msana. M'mawa ndimapinda chitenje chija, manja anakana. Dzulo ndinakhala pakona pomwe amakhala mkazi wamasiye, amayi omwewo, kulira komweko, ndipo malowo anandikwana bwinobwino. Tsiku lina zidzakhala choncho ndithu, koma chitenje osagwedezeka. Ndinaseka nazo ine, wopusa. Sindikufuna. Ambuye, osati chaka chino, kapena chamawa.

A Dunstan akugogoda pansi ndi ndodo. Akuti nthawi yakwana, ndipo lero ndisawagwire dzanja, ndingoima pafupi.

Ndiima pafupi.