Zikhomo za M'munda Mwathu

Okondedwa alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti abambo mwendo uja ukuwavutabe.

Loweruka ndinawatenga kukaonera kanema ku Old Town. Alongo, kanema wotere sindinamuonepo! Msilikali wina analowa m'makina nabwerera zaka zam'mbuyo kuti akaletse nkhondo imene inapha abale ake. Kunali kuthamangitsana ndi kuomberana koopsa, moti abambo ankawerama pampando ngati zipolopolozo zikubwera kwa iwo. Atatsala pang'ono kupambana, msilikaliyo anazindikira kuti makolo ake anakumana pothawa nkhondo yomweyo. Akailetsa, ndiye kuti iyeyo sabadwa.

Pobwerera tinadzera ku City Centre, paja panali munda wathu boma lisanatisamutse kuti limangepo likulu la dziko. Tsopano pali maofesi okhaokha. Abambo anaima nati, "Atandipatsa ine makina amenewo, ndingakazule zikhomo zonse za anthu opima malo aja."

Ine zinandipweteka. Ndinati, "Mukazula, likulu likhala ku Zomba konko. Nanga mkazi wanga, amene anabwera kuno ndi ofesi yawo, ndikanamuona kuti?"

Titafika kunyumba, mdzukulu wawo Chikondi, mwana wanga uja, anawathamangira nawakumbatira mwendo wodwala womwewo. Anamunyamula, namuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anati, "Zikhomozo zikhale."

Chonde mutitumizireko mankhwala opaka aja, ndipo abambo muwalembere, akusowani. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Yohane