Waya wa a Nduna pa Manda Anu

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Mkanda tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yohane anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mtedza chaka chino wachita bwino, koma fodya anapserera ndi ng'amba.

Chimene ndakulemberani ndi china, ndipo mtima ukundiwawa. Mukuwakumbukira a Mlembi aja a bungwe la matenanti, amene ankabwera pa njinga yopanda mabuleki n'kumagona m'chigafa chathu? Bambo atamwalira, mwini esiteti anakana kuti tiwaike pamalo pake, ati ndife obwera, tinyamule maliro athu tipite nawo kwathu ku Mulanje. Ndi a Mlembiwo amene anaimitsa ntchito yosankha fodya mpaka tinapatsidwa kamalo kaja kuseri kwa mabulugamu. Inu munawaphera nkhuku yanu imodzi yomweyo.

Lero ndi nduna yaikulu, Amayi, ndipo esiteti ija agula ndi iwowo. Azunguliza waya waminga ponseponse, ngakhale manda aja ali m'kati. Loweruka lija ndinapita ndi khasu kuti ndikalambule pamene munagona inu ndi bambo. Mlonda anandibweza pageti ngati wakuba, ati popanda kalata yochokera ku Lilongwe palibe kulowa. Kalata, kuti ndikaone amayi anga ondibala! Ndamvanso kuti mvula ikangogwa, thalakitala idzalima mpaka kumabulugamu.

Tsiku limene a Ndunawo anabwera kudzayendera munda wawo ndinawadikira pamsewu. Anatsitsa galasi la galimoto pang'ono n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula dzina lanu, anangoti nkhani zoterezi ndikaonane ndi manijala. Munthu woti ankasamba m'beseni lanu! Paja munkakonda kunena kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ine ndinkayesa mukunena anthu akutali.

Koma musadandaule. Ndayenda khomo ndi khomo kwa onse amene abale awo anagona m'menemo, ndipo tagwirizana kuti Lolemba tikakhala pageti ndi makasu athu mpaka atitsegulire. Mantha ndili nawo, sindikubisirani, poti apolisi akhoza kubwera. Komabe ndikukulonjezani kuti thalakitalayo idzandipeza nditakhala pamtumbira panu. Akafuna kulima, adzayambe alima ine.

Mundiperekere moni kwa bambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati