Njuchi Zimavinadi, Bambo

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga bondo lija likukulolani kufika ku ming'oma ya njuchi? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chomwe chinandigwira sabata yatha, koma pano chapita.

Ndikudziwa kuti kalatayi simuwerenga nokha poti maso akuvuta. Ndiye iwe mng'ono wanga amene ukuwawerengera, ndikuchenjezeretu, usadumphe mzere ngakhale umodzi. Ndimakudziwa iwe, ukaona pepala lalitali umathamangira kumapeto ngati kuli shuga.

Bambo, ntchito yotsuka mbale ija ndinasiya. Miyezi itatu tsopano ndikusesa m'nyumba yoonetsera mafilimu. Ndimalowa m'mawa, kuweruka dzuwa likadalipo. Muli zipinda zinayi, chilichonse mipando yofiira yokhayokha, yokwera ngati masitepe. Kutsogolo kuli chinsalu choonetserapo, kutalika kwake kuposa khoma la tchalitchi. Tsiku loyamba kuona nkhope ya munthu pa chinsalu chimenecho ndinaima kukamwa kuli yasa, tsache m'manja. Diso lokha linali lalikulu ngati chitseko. Mawu nawo samachokera kutsogolo kokha ayi, amatulukira m'makoma ndi pansi pa mpando. Mvula ikamagwa mufilimu umayang'ana kudenga kuti mwina likudontha.

Ife osesa amatilola kukhala mzere wakumbuyo masana, ngati mipando ilipo ndipo ntchito tamaliza. Ndiye mwana wanu, yemwe anakula akuonera kanema pa wailesi yaing'ono ya kwa aneba, pano wasanduka katswiri wopereka malikisi.

Zimenezi zimachitikira kuseri kwa chitseko cha kachipinda kosungiramo matsache. Filimu yatsopano ikabwera, aliyense amalemba ndi choko malikisi ake pa teni. Timalemba anthu atatu: ine, mnzanga wina yemwe timamutcha Maliralira chifukwa amalira ngakhale pa zotsatsa malonda, ndi akapitawo athu.

Akapitawowa ndiye munthu wodabwitsa. Asesa muno zaka khumi ndi chimodzi, koma amadzitama kuti sanaonerepo filimu ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Iwo amati malikisi oona ali pansi pa mipando. Anthu akatuluka, amalowa manja kumbuyo, kuyenda mzere ndi mzere ngati akuyendera munda, kenako n'kukalemba. Amati pakamwa pa munthu pamanama, koma tsache silinama. Poyamba ndinkangoti n'zocheza, koma pano ndimawaopa.

Mwachitsanzo, kunabwera filimu ya nkhonya. Mwamuna mmodzi kumenya anthu makumi awiri, kugwa kuchokera pa nyumba yosanja, kudzuka malaya ali oyera mbee ngati angowasita. Ine ndinapereka sikisi chifukwa magalimoto amauluka mokoma. Akapitawo anapeza mapaketi a mbuliuli ali opanda kanthu, makapu ouma, ena ataphwanyidwa ndi zala. Anati anthu amadya chifukwa mtima unalibe chochita, ndipo analemba folo.

Ina inali yoopsa, ya nyumba yomwe zitseko zimatseguka zokha. Imeneyo sindinaimalize, ndisaname. Ndinatuluka ndikunamizira kuti ndaiwala chidebe pakhonde. Titalowa kukasesa, mbuliuli zinali mbwee paliponse, zina mpaka mizere itatu kutsogolo, ndipo tinatola nsapato imodzi ya mayi yomwe mwini wake sanabwerere mpaka lero. Akapitawo anati filimu yolanda munthu nsapato si yocheza nayo, n'kuipatsa seveni.

Ya chikondi ndiye inatiyambanitsa. Maliralira anaipatsa naini, maso ali psuu. Ine ndinaipatsa fili, chifukwa mwamunayo anasowa zaka zisanu ndi ziwiri osalemba ngakhale kalata, ndiye wangobwera ndi maluwa mkazi n'kumukhululukira pomwepo. Ndinati ameneyo akanayamba wafotokoza bwinobwino komwe anali. Maliralira anati ndili ndi mtima wa mwala, ndipo tsiku lonse sanandigawire tiyi. Akapitawo anangowerenga timapepala topukutira misozi tomwe tinali pansi, n'kuima pakati pathu ndi sikisi.

Panalinso ina ya anthu opita kumwezi. Nkhani yake sindinaitsate bwino, koma pali pena pomwe anaonetsa dziko lathuli kuchokera kutali, kali kabulungu kobiriwira, kakulendewera pa mdima popanda chingwe. Ndinagwira mpando ndi manja awiri. Ndinaganiza kuti inu, ming'oma yanu, ine ndi tsache langa, tonse tili pa kanthu kameneko. Imeneyo ndinaipatsa eyiti, ndipo tsiku limenelo ndinayenda pang'onopang'ono pobwerera kunyumba.

Koma zonsezi ndikungokonza njira. Chomwe ndalembera kalatayi ndi filimu yomwe ndinaonera Lachitatu lapitali.

Imaonetsedwa m'mawa, m'chipinda chaching'ono. Ilibe nkhonya, ilibe chikondi. A Makina, bambo amene amayendetsa zoonetserazo, anandiuza kuti ndi ya tizilombo, ndipo ine ndinalowa chabe kuti ndipumitse miyendo. Munali ana a sukulu odzaza mizere isanu ndi aphunzitsi awo, phokoso ngati pa msika. Magetsi atazima, pa chinsalu panatera njuchi.

Bambo, njuchi imodzi kukula ngati ng'ombe. Ine ndakula nazo, zandiluma kosawerengeka, koma sindinkadziwa kuti ili ndi ubweya ngati mwana wa mphaka. Mungu unali m'miyendo yakumbuyo, timitolo tiwiri tachikasu, ngati mayi wochokera kumsika. Anachedwetsa chithunzi mpaka mapiko, omwe ife timangomva kulira kwake, ankaoneka akukupiza limodzilimodzi. Ndinaona lilime lake likulowa m'duwa. Kenako kamera inalowa nayo m'mng'oma momwe, ndipo phokoso lija mumalidziwa linatizinga mbali zonse mpaka ndinalimva m'chifuwa. Zisa zinali zowala ngati muli nyale, timabowo tonse tofanana, popanda kamodzi kokhota. Ndinadzifunsa kuti amene anaziphunzitsa kuyeza ndani.

Ndiye njuchi ija inatera pa chisa n'kuyamba kuvina.

Inayenda molunjika ikugwedeza kumbuyo kwake, n'kuzungulira kubwerera pomwe inayambira, n'kuyambanso, ulendo uno kuzungulira mbali inayo. Zinzake zinaizinga zikuigunda ndi tinyanga. Wofotokoza mufilimumo anati ikuuza zinzake komwe yapeza maluwa, kuti komwe yalunjika kukusonyeza njira poyerekeza ndi dzuwa, ndipo kutalika kwa guleyo kukunena kutalika kwa ulendo. Zinzake zija zinatuluka, kamera ikuzitsatira, mpaka zinakatera pa mtengo womwewo.

Pamenepo ndinalira, Bambo. Maliralira akanandiona akanandiseka chaka chathunthu.

Mukudziwa chomwe ndinalirira, koma ndichinena kuti mng'ono wanga amve, poti iye anali wakhanda. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, anzanga a kusukulu atabwera kwathu, munatiuza kuti njuchi zimauzana njira povina. Munati munaziona ndi maso anu m'mawa wina mutatsegula mng'oma popanda utsi. Mpaka munaimirira pabwalo kutionetsa, mukuyenda chowerama, kugwedeza chiuno, kuzungulira, kuyambiranso. Anzanga anagwa ndi phwete. Ine manyazi anandigwira, ndipo ndinanena mokweza kuti zimenezo m'buku mulibe, n'zopeka za anthu osapita kusukulu.

Simunandikalipire. Munangotola chipewa chanu chomwe chinagwa povina, kuchikutumula, n'kupita kuseri kwa nyumba. Nkhani ya guleyo simunaitchulenso, ndipo dzina lija munkandiitana, loti Kanjuchi, linathera tsiku lomwelo. Nanenso sindinakutsatireninso ku ming'oma. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti wolakwa munali inu pondichititsa manyazi.

Pepani, Bambo. Munkanena zoona. Anthuwa anafunika makina okwera mtengo ndi magalasi okulitsa zinthu kuti aone chomwe inu munaona mutangonyonyomala pa mng'oma m'mawa.

Filimu itatha, ana aja anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kwa adokotala. Akapitawo analowa monga mwa masiku onse, manja kumbuyo. Anayenda mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kuima. Mapaketi a mbuliuli anali pa mipando ali odzaza. Zakumwa zinali zosayamba, zina zosatsegula n'komwe. Pansi panalibe choti n'kusesa. Ana a sukulu kuiwala chakudya chili m'manja, inu munamvapo? Akapitawo anavula kapusi n'kunena kuti zaka zonsezi chipinda choyera chonchi sanachionepo. Anakalemba teni, woyamba chiyambire ntchito. Mawa lake ndinawapeza atakhala mzere wakumbuyo, akuonera mpaka mayina a kumapeto. Atandiona anati amayesa ngati mpandowo uli wolimba.

Maliralira naye analemba teni. Malo anga pa chitseko akadali opanda kanthu. Akandifunsa ndimati mwini wake wopereka malikisi a filimu imeneyi sanafike.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mng'ono wanga anandiuza pa foni kuti achipatala anakupatsani tsiku lokapala ng'ala m'masomo, Lachiwiri la sabata ya mawa, ndipo mwakananso kachitatu. Akuti mumanena kuti zoona munaona kale zonse, ndipo njuchi mumazidziwa ndi makutu. Akutinso adokotala anachenjeza kuti mukapitiriza kuzengereza, diso lamanzere lifika poti ntchito yake idzakhala yovuta. Mwezi watha munalonjera mtengo wa papaya poyesa ndi alamu anu. Tinaseka, inde, koma ine nditadula foni sindinaseke.

Ndikudziwa chomwe mumaopa, ngakhale simunena. Amayi analowa m'chipatala akuyenda okha, ndipo sanatulukemo. Nanenso fungo la m'makonde amenewo limandiopsa. Koma izi n'zina, Bambo. A Makina anapalidwa maso onse awiri chaka chatha. Akuti analowa m'mawa, madzulo anali kwawo akukangana ndi akazi awo za mchere. Atachotsa bandeji, chinthu choyamba kudabwa nacho chinali choti makatani a m'nyumba mwawo ali ndi maluwa.

Ndinawafunsa kuti filimu ya njuchiyi ikhalapo mpaka liti. Anati masabata asanu ndi limodzi, chifukwa masukulu ambiri alembetsa, kenako aichotsa ndipo sadziwa ngati idzabwerenso. Ndawerenga masiku pa kalendala kangapo. Mukapita Lachiwiri likubwerali, diso likhala litapola nthawi ikadalipo, adokotala akalola ulendo. Mukakananso, achipatala adzakupatsani tsiku lina filimuyi itachoka kale. Ikadzachoka musanaione, ine ndidzatha kukufotokozerani ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwa pangapa ndi pomwe panalakwa poyamba paja.

Choncho pitani kuchipatala, chonde. Achimwene akuperekezeni, mng'ono wanga atsale akuyang'anira pakhomo. Mukachira mukwere basi ya m'mawa, ine ndidzakudikirani pa depoti. Chipinda changa n'chaching'ono, koma bedi ndi lanu, ine ndidzayala pansi. Masitepe a kuntchito asakudetseni nkhawa ndi bondolo, kuli chikepe. Abwana alola kale kuti mudzalowe ngati mlendo wanga, ndipo ndasankhiratu mpando, mzere wachisanu ndi chiwiri pakatikati, pomwe phokoso la mng'oma limamveka mbali zonse.

Akapitawo nawo akukudikirani. Nditawauza kuti bambo anga anaona gule ameneyu kalekale popanda kamera, sanatsutse. Anangofunsa ngati mungadzavomere kuwaonetsa mmene munavinira. Ndinawauza kuti zimenezo adzapemphe okha, ine ndinataya kale ufulu wopempha.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti nsalu ija ndinalandira ndipo ndasoketsa kale. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse. Iwe mng'ono wanga, zikomo powerenga mpaka pano. Ngati mawu akukanika kutuluka, imwa madzi, upitirize, kwatsala pang'ono.

Bambo, tsiku limenelo ndidzakugulirani mbuliuli paketi yaikulu. Sindidzakufunsani kuti mwaiona bwanji, poti ndimakudziwani, mudzangoti ilibe vuto. Anthu akadzatuluka ndidzabwera ndi tsache langa, ndipo pansi pa mpando wanu ndidzasesapo ndekha.

Khalani bwino mpaka tidzaonane, ndipo ulendo uno mudzandione bwinobwino.

Ndine mwana wanu,
Kanjuchi, ngati dzinalo likadalipo.