Mvunguti wa kudimba musaugwetse

Pretoria
Julaye, 2024

Okondedwa achimwene a Luckson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kufika kutchalitchi? Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chilibe chisoni. Ndikumagona nditavala masokosi awiriawiri ngati nkhalamba.

Sukulu ikuyenda. Paja munkandiseka kuti ndinawoloka malire onsewa kudzaphunzira using'anga. Sekani ndithu, simunaname. Tsiku lonse ndimakhala mu labotale kuweta asilikali a m'thupi m'timbale tagalasi. Ndi timaselo ta m'magazi tolimbana ndi matenda, koma tikapsa mtima mopitirira timatupitsa thupi lomwe tikuliteteza, ngati mmene zimachitikira m'mawondo mwa amayi. Ntchito yanga ndi kutiputa dala, kenako n'kutidonthezera madzi a zomera kuti tione ngati tingafatse.

Sabata yatha aphunzitsi athu anabweretsa ufa wa khungwa woti tiuyese, uli m'botolo lolembedwa dzina lachilendo lovuta kutchula. Nditangotsegula, fungo linandiuza kuti ndi mvunguti. Achimwene, ndinalira. Mnzanga Maureen wa ku Zambia anaganiza kuti mankhwala andigwera m'maso, mpaka anandikokera kumpopi kukandisukusula. M'timbale tina asilikaliwo anafatsadi, m'tina ayi. Aphunzitsi akuti tisafulumire kuvina, za m'mbale sizifanana ndi za m'thupi la munthu. Choncho amayi asasiye mapilitsi omwe amalandira kuchipatala cha ku Thambani.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Msuweni wathu Iness anandiuza pafoni kuti mwagwirizana ndi a Langton ootcha makala kuti agwetse mitengo ya kudimba mvula isanagwe, ndi mvunguti womwe. Sindikukudzudzulani ayi. Chimanga chinapsa ndi dzuwa chaka chino, ndipo amene mukuona ana akugona ndi njala ndinu, ine ndili kutali. Mitengo inayo dulani. Koma mvunguti wokhawo, ndapota nanu, usiyeni. Ndi mtengo wofewa, makala ake ngakhale a Langtonwo sangawanyadire.

Mukapita kudimba mukaime patsinde pake, mukaone. Bambo akafuna khungwa lothowera amayi ankasenda pang'ono mbali ya kum'mawa, pang'ono mbali ya kumadzulo, osazunguliza mtengo, kenako n'kumata dothi pabalapo. Ankati mtengo ukakuchiza nawenso uuchize. Zipsera zija zilipobe, ndinaziona tsiku lomwe ndinkatsanzika.

Bambo anatisiya opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Nkhope yawo yayamba kundithawa m'maganizo, ndipo zimenezi zikundiopsa kwambiri. Ndimayesa kuikumbuka ndili m'basi, imangobwera mbali imodzi n'kuzimiririka. Pomwe dzanja lawo likuonekabe ndi pamtengo paja pokha. Ndikadzabwera ndikufuna ndidzaike dzanja langa pomwepo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndawasowa koopsa. Moni kwa alamu a Betty, kwa amalume ndi azakhali, ndiponso kwa mwana wanu Sungani ndi azing'ono ake. Mwina andiiwala kale anawo, muziwatchulira dzina langa. Chonde mundiyankhe nkhwangwa isanalowe kudimba.

Ndine mlongo wanu wolakalaka kwathu,
Thandie