Khasu la Ababa Ndalibisa

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko? Ife kuno ku Wheaton, kutsidya kwa nyanja, tilipo. Mwana amene munamusiya ali m'mimba uja anabadwa, ndi wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Ukali wake ndi wanu womwe.

Maliro anu atatha ndinawatenga ababa kuti tizikhala nawo kuno. Koma amayi, zinthu sizili bwino.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamtsetse kotsikira kwa aneba. Kanali kokutidwa ndi chomera china choyanga, chochokera ku maiko ena, chobiriwira bwino koma mizu yake yosapita pansi. Madzi ankangodya dothi kunsi kwake. Alangizi a zachilengedwe anatithandiza kuchizula, tinadzalapo udzu wa kuno komweko, wa mizu yozama, wogwira nthaka ngati vetiva wa m'munda mwanu. Kungoti ukakula umaoneka ngati tchire.

Paja munkati bwalo la udzu ndi la munthu waulesi, limaitana njoka. Ababa sanaiwale. Ine ndili kuntchito yosamalira okalamba, iwo anagula khasu, napala theka la mtsetsewo, nasesa mpaka mbee! Madzulo anandionetsa monyadira, ati mukanakhalapo mukanakondwa. Mvula itagwa, matope onse anakalowa m'chipinda chapansi cha aneba. Anebawo anena kuti zikachitikanso tikaonana kukhoti.

Bambo a mwana akwiya. Akuti ababa asiye kupala, apo ayi abwerere kumudzi. Abwerere kwa yani, amayi? M'nyumba ija mulibe munthu.

Khasulo ndalibisa m'galimoto. Zikundipweteka, chifukwa chimwalirireni inu, ababa amaimba pokhapokha akagwira khasu. Nthawi zina zonse amangokhala duu, kumvetsera kaseti ya kwaya yanu. Khasulo alifunafuna nyumba yonse, ine n'kumathandiza nawo kufuna, wopanda manyazi.

Pa wailesi akuti kukubwera chimvula Loweruka. Lero m'mawa ndasuzumira pazenera, ndawaona ababa atagwada pamtsetse paja, akuzula udzu wotsalawo ndi manja, akuimba. Ndachita mantha. Inu mukanangowaitana kamodzi, akanadzuka. Ine ndine mwana, ndiyambira pati kuwauza kuti ukhondo umene munawasiyira ukutigwetsera nyumba?

Ndiwauza lero ndikaweruka, bambo a mwana asanafike. Mwina sandilankhula kwa masiku. Koma ndikulonjeza, amayi, kaya tisamuka pano, amuna anu sindiwakweza ndege okha.

Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike